ZA PA MPHALA: Botolo Nalo Liri ndi Kwao

 Sabata lino ndifuna ticeze za kanthu kamene tonse timakagwira m'manja tsiku Loweruka, koma tikatha kumwa sitikaganiziranso konse. Ndikunena botolo ndi citini. Wina aseka nati, "Kodi nkhani zatha kuti tiyambe kukamba za zinyalala?" Iai, sizinathe. Koma ine ndiyesa kuti mwa anthu onse munthu wa pa mgodi ndiye woyenera kuimva nkhani imeneyi msanga, pakuti iye adziwa thukuta limene limagwa kuti citsulo cituluke pansi pa nthaka.

Mau anga ndi awa. Botolo limene liri ndi cikole limabwerera kwao, ndipo limene liribe cikole limachona m'ngalande. Maiko ena anaona zimenezi naika lamulo. Kuno kwathu lamulo lotere kulibe, ndipo ndifuna tione ngati lingatithandize.

CIKOLE NCIANI?

Makolo athu analibe bvuto limeneli. Mowa unkaphikidwa m'mbiya, nkumwedwa m'cipanda kapena m'cikho. Mbiya ikasweka, phale lace linkakazingira cimanga ndi mtedza, ndipo cipanda cikang'aluka cinkaponyedwa kudzala kumene ciswe cinkamaliza nchito. Zonse zinacokera m'nthaka ndipo zinkabwerera m'nthaka.

Botolo la galasi litafika, linadza ndi mwambo wace. Galasi linali lokwera mtengo, kotero mwini fakitale sanafune kuti botolo lace litayike. Iye anati kwa wogula, "Cakumwa ndikugulitsa, koma botolo ndangokubwereka. Siya kandalama pano, ndipo pobweza botolo udzatenga kandalama kako." Kandalama kameneko ndiko cikole, cimene ambiri timati dipoziti.

Nonse mudziwa m'mene zimayendera. Lole imatsitsa makireti odzaza pa sitolo, nkukweza opanda kanthu. Ku fakitale mabotolo aja amatsukidwa ndi madzi otentha ndi soda, amaunikidwa kuti ong'aluka acotsedwe, amadzazidwanso, natsekedwa ndi citsekero catsopano. Mukadzagwira botolo lalikulu lija la mamililita 750, limene anyamata a kuno amati ngudu, mudzayang'ane pa phewa pace ndi kumunsi kwace. Mudzaona mizere yotuwa yozungulira. Zimenezo ndi zipsera za maulendo, pokhulana ndi anzace pa lamba wa makina. Ku Germany botolo la galasi lotere limadzazidwa kufikira maulendo 50 lisanapite kukasungunulidwa.

Kwathu ku Malawi nako mwambowu ngwodziwika. Fakitale ya mowa wa Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo mabotolo ace, pamodzi ndi a galasi a Coca-Cola ndi Fanta, akhala akuyenda ulendo wopita ndi kubwera. Mwana ali yense wotumidwa ku golosale adziwa funso loyamba la wogulitsa: "Botolo uli nalo?"

Akulu-akulu amene anabwera kuno m'masiku a Wenela adzaimva bwino nzeru imeneyi. Masiku amenewo munthu wocokera kwathu sankalandira malipiro ace onse m'manja ku mgodi. Gawo lina linkasungidwa, ndipo ankakalilandira kwao kontrakiti itatha. Boma la kwathu linafuna cotero kuti ndalama zilowe m'dziko, ndiponso kuti amuna asachone ku Joni nkuiwala akazi ndi ana. Ambiri ankadandaula nazo, ndipo anali ndi cifukwa, pakuti thukuta linali lao ndipo munthu si botolo. Koma palibe angakane kuti ndalama yodikira kumudzi inabweza amuna ambiri amene akadasocera. Cikole ca botolo cimagwira nchito comweco. Cinthu cimabwerera kumene kuli ndalama yocidikira.

M'MENE BOTOLO LINAYAMBIRA KUCHONA

Zinthu zinayamba kusintha ku America. Mu January 1935 kampani ya Krueger inayamba kugulitsa mowa wa m'zitini mu mzinda wa Richmond. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, makampani anaculukitsa zitini ndi mabotolo opyapyala omwera kamodzi, nalengeza kuti tsopano kulibe cikole ndipo kulibe kubweza. Kwa kampani ici cinali cokoma. Lole siibwereranso ndi katundu wa mabotolo, palibe kulemba anthu otsuka, ndipo wa sitolo safunanso malo osungira makireti. Wogula naye anakondwa, popeza sasenzanso mabotolo popita kukagula.

Koma nchito ija sinathe ai, inangosamuka. Inacoka pa mutu pa kampani nkugwera wosesa mseu, mlimi wa m'mbali mwa mseu, ndi boma la mzinda limene limalipira zotola zinyalala ndi msonkho wa anthu onse, akumwa ndi osamwa omwe. Walira mvula walira matope.

Oyamba kulira anali alimi a cigawo ca Vermont. Anthu a pa galimoto ankaponya mabotolo m'minda ya udzu wa ng'ombe, ndipo magalasi osweka ankalowa m'cakudya ca ziweto. Mu 1953 Vermont inaletsa kugulitsa mowa m'mabotolo osabwezedwa, koma lamulolo linangokhala zaka 4 nkufa. Caka comweco ca 1953 makampani opanga zitini ndi mabotolo anathandiza kuyambitsa bungwe lochedwa Keep America Beautiful, lophunzitsa anthu kuti asataye zinyalala paliponse. Ciphunzitsoco ncabwino, koma ndi theka cabe la coonadi, pakuti cinaloza cala wotaya yekha nkusiya wopanga.

Mu 1973 Nathaniel Wyeth wa kampani ya DuPont analembetsa botolo la pulasitiki lotha kusunga zakumwa za mpweya osaphulika. Limenelo ndilo botolo loonekera mkati limene lafika m'mudzi uli wonse lero. Mu 2017 kunawerengedwa kuti pa dziko lonse anthu ankagula mabotolo a pulasitiki okwana 1 miliyoni pa mphindi imodzi. Ngakhale masese athu analowa momwemo. Chibuku tinamzolowera m'paketi yokhuchumula ija, koma mu 2012 ku Zambia kunayamba Chibuku Super wa m'botolo la pulasitiki, ndipo anafalikira maiko oyandikana.

CIMENE WA PA MGODI ADZIWA

Tsopano tiyeni tilowe pansi, kumene inu muli akatswiri. Citini ca mowa cimene mumaciphwanya ndi dzanja limodzi ndi ca aluminiyamu. Kuti papezeke tani imodzi ya aluminiyamu, pamakumbidwa matani ngati 4 a dothi lofiira lochedwa bauxite. Dothilo limaphikidwa ndi mankhwala nkutulutsa matani 2 a ufa woyera, ndipo kumatsala matope ofiira oopsa amene amasungidwa m'madamu monga matope a pa migodi yathu. Ufa woyerawo umasungunulidwa ndi magetsi oculuka koposa.

Taonani ulendo wace. Ng'anjo yaikulu ya Hillside ku Richards Bay imalandira ufa umenewu pa sitima ya pamadzi kucokera ku Australia. Magetsi ace amacokera kwa Eskom, ndipo magetsi ambiri a Eskom amacokera ku malasha amene abale athu akukumba ku eMalahleni ndi madera ena a Mpumalanga. Tsono m'kacitini kamodzi muli thukuta la wokumba wa ku Australia, la wa pa sitima, ndi la mnzathu wa ku malasha amene amatuluka pansi ali bii. Ndipo ife timamwa kwa mphindi 10 nkuponya kuchire.

Koma citini cakale cikasungunulidwa kuti cipange catsopano, pamapita magetsi ngati 5 okha pa 100 ali onse amene akadapita pocipanga kucokera ku dothi. Ndipo aluminiyamu safooka ngakhale asungunulidwe kangati. Inu mumaswa tani yathunthu ya mwala kuti mupeze magalamu owerengeka a golide. Nanga ndi mgodi uti pa dziko lapansi umene ungapose mulu wa zitini, m'mene citsulo ciri coyenga kale, ciri pamtunda, cosafuna baruti kapena kheji?

A ku Mulanje amvetsere apa. Pamwamba pa phiri lija pali bauxite, ndipo zadziwika kuyambira zaka za m'ma 1920. Nthawi ndi nthawi kumabwera ofuna kukumba, ndipo anthu a kumeneko amakana poopa madzi ao, pakuti mitsinje ya Likhubula ndi Ruo imayambira pa phiri lomwelo, ndipo madzi a Likhubula amamwedwa mpaka ku Blantyre. Citini ciri conse cotayidwa cimaonjezera njala ya dothi lofiira, ndipo njala imeneyo tsiku lina imagogoda pa phiri la munthu wina.

Galasi nalo ndi mwana wa mgodi. Limapangidwa ndi mcenga, mwala wa laimu ndi soda, monga amene amatengedwa ku Sua Pan ku Botswana. Zimenezi zimasungunuka m'ng'anjo yotentha madigiri ngati 1,500, imene siizima usiku ndi usana. Botolo lomwera kamodzi limafuna moto wonsewo cifukwa ca cakumwa cimodzi, pamene lobwezedwa limagawa moto womwewo pa maulendo ambiri. Pulasitiki nayo imacokera ku mafuta a pansi pa nthaka.

A ku Johannesburg akumbukira phiri la mcenga la Top Star, limene pamwamba pace panali kanema woonera m'galimoto. Phiri limenelo linali dzala la migodi yakale. Lero kulibe, pakuti linagumulidwa kuti ayengenso golide amene anatsalira m'mcengamo, ndipo nchito yotere ikucitikabe ku Ergo pafupi ndi Brakpan. Eni migodi anaphunzira kuti dzala la dzulo ndi cuma ca lero. Za zitini ndi mabotolo tisadikire kuti adzukulu athu adzakumbe.

KUMENE ZOTAYIDWA ZIMAPITA

Munthu akaponya botolo amati lapita. Lapita kuti? Botolo la pulasitiki lotayidwa ku Alexandra limadikira mvula, nkulowa mu mtsinje wa Jukskei. Jukskei amathira mu Crocodile, ndipo Crocodile amalowa m'damu la Hartbeespoort, limene a ku migodi ya Brits ndi Marikana alidziwa bwino. Madziwo akapitirira amakagwa mu Limpopo, ndipo Limpopo amakathira m'nyanja ya mcere pafupi ndi Xai-Xai ku Mozambique. Madzi atasefukira ku Durban mu April 2022, magombe a nyanja anakutidwa ndi mabotolo a pulasitiki mpaka mcenga wosaoneka. Sanagwe kumwamba amenewo. Anali m'ngalande ndi m'makwalala kudikira tsiku lao.

Kwathu ndi cimodzi-modzi. Amene wadutsa pa mlatho wa Mudi ku Blantyre kapena pa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika waona yekha. Mabotolo amatseka ngalande, madzi amasowa njira nalowa m'nyumba za anthu a kumunsi, ndipo otsala amaima nkukhala coberekera udzudzu. Pulasitiki siiola monga cipanda. Dzuwa limangoiphwanya tizidutswa ting'ono-ting'ono timene timalowa m'madzi ndi m'mimba mwa nsomba. Ikatenthedwa imatulutsa utsi woipa, ndipo inu amene mudziwa cimene pfumbi la pansi limacita ndi cifuwa simufuna kuti mwana wanu apume utsi wotere. Botolo la galasi losweka nalo limadikira phazi la mwana wopita ku sukulu wopanda nsapato.

Ndidziwa kuti amai athu sataya cinthu msanga. Botolo la pulasitiki limasanduka la thobwa, la mafuta ophikira, la mbeu. Citini cimasanduka koloboyi kapena mateyala a galimoto ya mawaya. Imeneyo ndi nzeru yoyamikika. Koma mabotolo akubwera oculuka kuposa thobwa yense wa m'dziko, ndipo amai sangathe kuwamaliza.

MAIKO AMENE ANAIKA LAMULO

Poona kuti makampani asiya okha mwambo wa cikole, maboma ena anati tsono cikole cikhale lamulo, ndipo cikhudze citini ndi pulasitiki zomwe. Cigawo ca British Columbia ku Canada cinayamba mu 1970. Ku America cigawo ca Oregon cinatsatira mu 1971, pamene Bwanamkubwa Tom McCall anasaina lamulo loika masenti 5 pa botolo ndi citini ca mowa ndi zakumwa zozizira. Makampani analimbana nalo kolimba, nati nchito zidzatha ndipo mitengo idzakwera, koma lamulo linayamba kugwira mu 1972 ndipo liripo mpaka lero. South Australia inayamba mu 1977. Ku America zigawo 10 ziri ndi lamulo lotere.

Ku Germany lamulo linayamba mu 2003, ndipo cikole ca citini kapena botolo la pulasitiki lomwera kamodzi ndi masenti 25 a euro. Kumeneko mabotolo ndi zitini ngati 98 mwa 100 ali onse amabwerera. Ku Norway nako amapitirira 90. M'masitolo ao muli makina amene munthu amalowetsamo botolo, makinawo nkuwerenga cizindikiro cace, nkutulutsa kapepala kokatengera ndalama. Kampani ya Tomra inayamba kupanga makina otere ku Norway mu 1972. Ku Lithuania lamulo linayamba mu 2016, ndipo patangopita zaka 2 mabotolo obwerera anacoka pa 1 mwa 3 ali onse kufika pa 9 mwa 10. Ireland inayamba mu February 2024.

Pa zonsezi ine ndatolapo maphunziro atatu. Loyamba, cikole cikhale ndalama yoti munthu aimve kuwawa poitaya. Ku Oregon masenti 5 aja anakhala osasintha zaka zoposa 40, mphamvu yao inacepa, ndipo obwerera anatsika kufika pafupi 65 mwa 100. Mu 2017 anakweza kufika masenti 10, ndipo posacedwa anapitiriranso 80. Anthu anali omwewo ndipo mitima yao sinasinthe. Cinasintha ndi mtengo wa botolo.

Laciwiri, kobwezera kukhale pafupi ndipo ndalama ituluke msanga. Ku Germany kuyambira 2006 sitolo yaikulu iri yonse yogulitsa zakumwa za m'zitini kapena m'pulasitiki iyenera kulandira zopanda kanthu za mtundu womwewo, ngakhale munthu anagula kwina. Cikole cimene munthu aciyendera mtunda wautali, kapena auzidwa kuti bwera mawa, sicisiyana ndi msonkho. Pamenepa sindifunika kukuphunzitsani, pakuti ndalama yodikira mudziwa kuwawa kwace.

Lacitatu, pakhale poyera kuti ndalama za mabotolo osabwerera zikupita kuti. Ku Michigan, kumene cikole ndi masenti 10, gawo lalikulu la ndalama zimenezi limapita ku thumba la boma lokonzera malo oonongeka. Kampani ikamadya yokha ndalama zotere, idzakondwa kuti mabotolo asabwerere.

ZONENA ZA OKANA

Sindingakhale woona ndikabisa mau a mbali ina. Wa kasitolo kakang'ono ka mu lokeshoni kapena wa okala ya kumudzi afunsa kuti matumba a mabotolo adzawasunga pati, ndi nchenche zace. Funso limeneli nlolungama. Ku Norway wa sitolo amalandira kandalama pa botolo liri lonse limene walandira, ndipo ku South Australia kuli malo apadera obwezerako kotero kuti si sitolo iri yonse imene imasenza katunduyo.

Wina ati cakumwa cidzakwera mtengo. Pogula coyamba inde, mudzatulutsa ndalama yoonjezera, koma idzabwerera m'thumba mwanu. Wolipira kwenikweni ndi wotaya yekha, ndipo ine sindiona colakwa pamenepo. Lero wolipira ndi mai wa kumunsi kwa ngalande amene samwa nkomwe.

Palinso cinyengo ca m'malire. Ku Michigan ena agwidwa akubweretsa zitini zogulidwa m'zigawo zopanda cikole kuti adzatengere ndalama. Kuno kumene katundu amaoloka Beitbridge ndi Mwanza tsiku ndi tsiku, botolo liri lonse lidzafunika cizindikiro ca dziko lace.

Tidziwenso kuti lamulo la cikole silicita zonse. Silitola majumbo kapena mapepala a masiwiti. Ndipo ku Germany, ngakhale zomwera kamodzi zikubwerera bwino, mabotolo otsuka nkudzazanso anacepa pa msika poyerekeza ndi kale, popeza masitolo akulu anakonda pulasitiki yopepuka. Kusungunula botolo nkwabwino, koma kulitsuka ndi kulidzazanso nkopambana, makamaka pamene fakitale iri pafupi. Galasi nlolemera, ndipo likayenda mtunda wautali kwambiri lole imamwa dizilo wambiri.

Koma funso lolemera koposa ndi la abale athu okoka ngolo. Mwawaona m'bandakuca m'miseu ya Johannesburg, akukoka matumba akulu-akulu kuposa iwo eni, akupikisana ndi magalimoto. Bungwe la kafukufuku la CSIR linayerekeza kuti ku South Africa anthu otola zinthu zotere ali pakati pa 60,000 ndi 90,000, ndi kuti mapepala ndi zotengera zambiri zocokera m'makomo zimene zimafika kokonzedwanso zimadzera m'manja mwao. Ambiri ndi alendo monga ife, ndipo ena anali pa mgodi nchito isanawathere. Iwo amagulitsa pa sikelo, ndipo mtengo wa kilo umagwa mafuta akachipa, pakuti pamenepo pulasitiki yatsopano imachipanso.

Lamulo la cikole lingawakweze kapena kuwagwetsa. Likaikidwa bwino, botolo liri lonse lidzakhala ndi mtengo wodziwika umene wa sikelo sangaudule. Ku Germany anthu ambiri amaika botolo pambali pa bini, osati mkati, kuti wotola asapise dzanja m'zonyansa. Koma makina akaikidwa m'masitolo akulu okha, kumene mlonda amathamangitsa munthu wa zobvala zakuda pa khomo, ndiye kuti talanda nsima pakamwa pa wosauka. Cifukwa cace ndinena kuti lamulo lotere lisalembedwe anthu amenewa asanafunsidwe, ndipo pakhale malo amene munthu angafike ndi ngolo yace nalandira ndalama m'manja tsiku lomwelo.

NANGA KUNO TIRI PATI?

Ku South Africa cikole ca ngudu ndi mwambo wa makampani eni, si lamulo la Boma, ndipo zitini ndi mabotolo ambiri a pulasitiki alibe cikole. Makampani anayambitsa mabungwe ao otolera, monga Collect-a-Can mu 1993 ndi PETCO mu 2004. Mu 2021 kunayamba malamulo okakamiza wopanga kuti alipire zotolera ndi kukonzanso zotengera zace, ndipo malamulowo amachulanso kuti otola olembetsedwa azilandirapo kanthu pa nchito yao. Ili ndi phazi labwino, koma siliika ndalama m'dzanja la wakumwa pa mphindi imene aganiza zoponya botolo.

Ku Malawi Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linabvomereza ciletsoco mu 2019, ngakhale milandu inapitirirabe pambuyo pace. Koma ciletso cimeneco ndi ca majumbo, sicikhudza botolo.

Ine maganizo anga ndi akuti maiko athu ndiwo oyenera lamulo la cikole kuposa Germany amene. Iwo anaika lamulo mwambowu utayamba kucepa mphamvu, pamene ife sitinauiwale. Makireti alipo, malole alipo, ndipo ana athu adziwa kale kuti botolo ndi ndalama. Kuno kumene nchito ikusowa, botolo la mtengo silingagone m'ngalande usiku umodzi. Yang'anani nokha pa dzala la kuseri kwa hositelo. Mudzapeza mapulasitiki mbwee, koma ngudu yathunthu simudzaipeza. Nyale ya pa cipewa canu nayo simunaionepo itatayidwa kuchire, cifukwa iri ndi nambala ndipo pali woifunsa shifiti ikatha.

ZOTI TICITE IFE ENI

Pamene akulu a malamulo akuganiza, ife tisakhale manja lende. Pomwe pali kusankha, gulani ca m'botolo lobweza, ndipo mulibweze. Sindikuti muculukitse kumwa kuti mabotolo aculuke, pakuti ndalama ya ana a sukulu ikudikira kumudzi. Musaswe mabotolo tsiku la malipiro, pakuti mukuswa ndalama yanu ndi phazi la mnzanu. Wa sitolo akakana kulandira botolo la cikole limene anakugulitsani yekha, kaguleni kwina, ndipo muuze anzanu.

M'cipinda ciri conse mukhale thumba limodzi la zitini ndi lina la mapulasitiki, osasakaniza ndi makombo a cakudya. Likadzaza, mupatse wokoka ngolo ndi ulemu wace, kapena mukagulitse nokha nkuika ndalamazo m'thumba la maliro kapena la timu yanu ya mpira. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Mukapita ku chuthi, muuze a kunyumba kuti asakolezere moto wophikira ndi pulasitiki. Muwauzenso kuti parafini ndi mankhwala a m'munda asasungidwe m'botolo la cakumwa, pakuti ana ambiri agonekedwa m'cipatala atamwa parafini poyesa ndi zozizira. Botolo lotola lisathiridwe thobwa lisanatsukidwe bwino ndi sopo ndi madzi abwino, popeza kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale.

Ndipo nkhaniyi ikadzafika pa msonkhano wa bungwe la anchito, kapena phungu wa kwanu akadzabwera kudzapempha mavoti, mudzaime ndi kufunsa kuti, "Bwanji wopanga botolo asaliikire cikole, ndipo bwanji wolitola asalandire mtengo wace?" Mudzafunse monga anthu odziwa kumene citsulo cimacokera.

Tsalani bwino abale anga. Yang'anirani denga musanayambe kuboola, ndipo musaiwale kutumiza mau kumudzi. Tidzacezanso sabata la mawa.